Chipinda Choyera cha Ma'am Perlita

Pa yunivesite ina mumzinda wa Lucena panali chipinda chachikulu pansi pa laibulale chimene aliyense ankangoti ku Senta. Kumeneko ophunzira a mitu yopepuka ankathandiza anzawo amene masamu, kemisitiri ndi Chingerezi zinali zitawakhalira pakhosi. Othandizawo ankatchedwa matyuta. Anali ana asukulu ngati anzawo omwewo, ovala yunifolomu yomweyo, okwera timabasi tomweto totchedwa jipuni, kungoti iwo akaona nambala sankatuluka thukuta.

Komatu mlendo akafunsa njira ya ku Senta, palibe amene ankamuuza za masamu. Ankangoti, "Tsatirani fungo la pansiti." Matyuta anali ambiri, moti sabata siinkatha popanda wina kukumbukira tsiku lake lobadwa, ndipo monga mwa mwambo wa kumeneko, mwini tsiku ndiye ankadyetsa anzake. Ankabwera atanyamula lichero lodzaza pansiti, chakudya cha ufa chonga tizingwe topyapyala, chachitali bwino chosadula kuti moyo nawo utalike, mtolo wa masamba a nthochi odyerapo ndi kabotolo ka viniga. Chitseko ankachitsegula n'kuchitsamiritsa mpando, ndipo aliyense wodutsa pakhonde, kaya akumudziwa kaya ayi, ankamukuwira kuti, "Tiyeni tidye!"

Ma'am Perlita Abrenica anapatsidwa udindo woyang'anira Senta kumayambiriro kwa teremu. Anali ataphunzitsa Chingerezi zaka zambiri m'makalasi a pamwamba penipeni, kumene denga limawotcha ngati chiwaya, ndipo udindo umenewu anaupempherera mpaka kuyatsa makandulo kutchalitchi. Koma powapatsa makiyi, Sir Racelis, wachiwiri kwa mkulu wa yunivesite, sanawabisire mawu.

"Ma'am Abrenica, a sukulu ya unamwino akuchifuna chipinda chimenechi, ndipo akundisowetsa mtendere. Kumapeto a teremu ndidzabwera kudzaona ndi maso angawa. Ndikadzapeza kuti chikugwira ntchito, n'chanu. Apo ayi, mudzabwerera kumwamba kuja."

Mayiwa sanali oipa mtima, ndipo pa ntchito sankaitanidwa kawiri. Chilema chawo chinali chimodzi basi: sankalola munthu kumaliza zonena. Ukangoyamba, iwo amalize okha, n'kutsendera ndi mawu akuti, "Ndikudziwa kale." Anzawo ankanong'onezana kuti ngakhale kolapa machimo, bambo mfumu sankafika kumapeto kwa uphungu wawo.

Tsiku loyamba kulowa ku Senta anapeza phwando lili mkati. Linali tsiku lokumbukira kubadwa kwa Dindo Salumbides, mtsogoleri wa matyuta, wa chaka chomaliza cha uinjiniya. Anthu anali mbwee, ena atakhala pa matebulo, aliyense tsamba la nthochi kudzanja, akuyamwa pansiti osagwiritsa foloko. Ma'am Perlita ali chiimire pakona, panadutsa Gilbert Zoleta, kaputeni wa timu ya basiketibo, mnyamata wamtali woti polowa pakhomo ankawerama. Lorelie, tyuta wa masamu wa pakamwa posatseka, anamuona.

"Kaputeni! Tiyeni tidye!"

"Ndadya kale, Ate," anayankha Gilbert, poti kumeneko mtsikana wokuposa zaka umamutchula mwaulemu kuti Ate, mnyamata kuti Kuya.

"Wadya chiyani iwe, mphepo? Lowa kuno. Ukakana pansiti ya Kuya Dindo, akafa msanga mlandu ndi wako."

Gilbert analowa akuseka, nalandira tsamba lake. Pepala la mayeso linkasuzumira m'thumba la chikwama chake, ndipo Lorelie analisolola asanadziwe n'komwe.

"Ichi chofiira ngati chagwera mu tomato n'chiyani?"

"Zisiyeni zimenezo, Ate."

"Taima kaye. Apatu unayamba bwinobwino, unasokonezera apa pokha. Gwira tsamba kumanzere, pensulo kumanja. Mkamwa simusokoneza masamu."

Gilbert anali atalephera kale masamu kamodzi, ndipo mtima wake unkadziwa kuti akusowa thandizo. Koma akanalola kumira m'nyanja kusiyana n'kuonedwa akulowa pakhomo la anthu olephera. Otere anali ambiri pa yunivesitepo, ana amene kwawo makolo anagulitsa nkhumba kuti iwo aphunzire, ndipo manyazi ankawamanga miyendo. Koma akatuluka ku Senta anzawo n'kuwafunsa kuti anali kuti, yankho linali lapafupi: "Ndimadya za Kuya Dindo." Palibe amene amaseka munthu chifukwa chokadya.

Zonsezi Ma'am Perlita sanazione. Chimene anaona ndi dontho la viniga pa buku la laibulale, mafuta pa matebulo ndi chimphona chikutafuna pakamwa posatseka. Anaganiza za Sir Racelis akulowa m'chipinda chonunkha anyezi. M'mawa mwake anaitanitsa matyuta onse.

"Kuyambira lero, muno mulibe chakudya. Ino ndi yunivesite, si kantini. Masiku obadwa tiziwaphatikiza, onse a mwezi umodzi tsiku limodzi. Keke izigulidwa ndi ofesi, ndipo ndi ya matyuta okha. Chitseko chizikhala chotseka, ndaitanitsa makina oziziritsa."

Dindo anakweza dzanja. "Ma'am, pepani. Nkhani ya pansitiyi si ya mimba yokha ayi. Pali anthu ena amene..."

"Ndikudziwa kale, Dindo. Chikhalidwe, umodzi, kukondana. Zimenezo ndinakambapo pa msonkhano ku Manila."

"Ayi Ma'am, ndimati anthu ena sangathe..."

"Sangathe kugula chakudya. Ndikudziwa. Koma ife si a tchalitchi. Pali funso lina?"

Msonkhano unathera pomwepo.

Kunena zoona, chipindacho chinakongola. Makoma anapakidwa penti yoyera, matebulo anafoletsedwa mizere, pangodya panaikidwa maluwa a pulasitiki. Chitseko chakale chamatabwa chinachotsedwa, panabwera chagalasi chowala. Pamwamba pake Ma'am Perlita anapachika chinsalu cha zilembo zofiira, zowerengeka ngakhale uli ku bwalo la mpira: KODI MAPHUNZIRO AKUKULAKA? LOWA MUNO. Anaima chapatali n'kuchiyang'ana, mtima uli m'malo, poti tsopano palibe amene akanasokera.

Sabata yotsatira Gilbert anabwera, pepala lina lofiira lili m'chikwama. Anayang'ana uku ndi uku, natambasula dzanja kuti akankhe chitseko. Mwatsoka anzake a mu timu anali pa masitepe a laibulale.

"Eee, kaputeni! Mutu wakana?"

"Lowani, lowani bwana, adokotala akukudikirani!"

Dzanja lija linakwera lokha kupita kumutu. "Ndikuona tsitsi langa, aise. Galasi labwino ili," anatero Gilbert, nalisalaza tsitsi mbali zonse ziwiri, n'kubwerera kwa anzake. Lorelie anaona zonse ali mkati, koma galasilo linali lochindikala ndipo analibe chomuitanira.

Phwando loyamba la dongosolo latsopano linachitika Lachisanu lomaliza la mwezi. Obadwa mwezi umenewo anaimikidwa pamzere atavala zipewa zamapepala. Keke inali yaikulu ndithu, koma mayina anachuluka, moti wophikayo malo atamuthera dzina lomaliza analilemba theka. Anaimba nyimbo chitseko chili chotseka, Ma'am Perlita akujambula zithunzi zokaonetsa Sir Racelis, ndipo aliyense anamwetulira mmene anauzidwira. Keke inatsala yambiri, chinthu chimene sichinachitikepo ndi lichero la pansiti chiyambire Senta.

Masiku anapita, chipinda chili zii. Matyuta ankafika pa nthawi yake, kukhala pa matebulo oyera, kuvala majuzi chifukwa cha kuzizira, n'kumaseweretsa mafoni. Obwera kudzathandizidwa anali apo ndi apo, ndipo ambiri mwa iwo anali ana okhoza kale amene ankangofuna mphepo yozizira. Ma'am Perlita sanali akhungu. Ankaona mipando yopanda anthu, nkhawa n'kumawadya, moti ngakhale chakudya chamasana ankabwerera nacho kunyumba. Koma matenda ake anali atawadziwa kale: ana a masiku ano sawerenga zikwangwani. Anakulitsa chinsalu chija. Zitakanika, anapempha aphunzitsi kuti azitchula m'kalasi mayina a ofunika kupita ku Senta. Apa ndiye anathira mchere pachilonda. Otchulidwawo anasiya ngakhale kudutsa pakhondepo, ankazungulira kuseri kwa tchalitchi popita ku laibulale.

Tsiku lina Lorelie anagogoda pa ofesi.

"Ma'am, Lachinayi ndi tsiku langa. Amayi atumiza uthenga kuti akuphika."

"Keke yako ili kumapeto a mwezi, Lorelie."

"Ndinawauza, Ma'am. Koma mzimayi wa kwathu ku Lucban sumamuuza kuti asaphike. Ati ngati a yunivesite akufuna mwana wawo afe ali mtsikana, abwere adzawauze okha."

"Ndikudziwa kale, makolo onse amatero."

"Nanga lichero likafika ndilitani, Ma'am?"

"Kunja kuli malo ambiri."

Kuseri kwa laibulale kunali mtengo waukulu wa mango, pansi pake matebulo a simenti amene ankangokhalapo anthu a zibwenzi. Lachinayi masana lichero linatera pamenepo. Fungo linayenda ndi mphepo mpaka ku bwalo la mpira, ndipo mawu aja amene anali atasowa anamvekanso: "Tiyeni tidye!" Anthu anabwera ngati nyerere pa shuga. Gilbert anakana kamodzi monga mwa ulemu, kachiwiri anali atagwira kale tsamba. Pansiti isanathe, mabuku anali atatuluka okha m'zikwama, ndipo Dindo ankalemba masamu pa simenti ndi choko chimene wina anatola m'kalasi.

Kuchokera tsiku limenelo matyuta anakhala ndi ntchito ziwiri. Ankakhala maola awo ku Senta mokhulupirika, akuyasamula m'majuzi, kenako n'kuthamangira ku mtengo wa mango kumene anthu ankawadikira. Keke ya kumapeto a mwezi ankaidya mwaulemu, koma tsiku lenileni aliyense ankabwera ndi lichero lake. Mayeso atayandikira, masiku obadwa anayamba kuchepa poyerekeza ndi ofuna thandizo, ndiye anthu anachita kuwachulukitsa. Dindo anabadwa kachiwiri teremu yomweyo, popanda wofunsa mafunso. Sabata ina panasowa munthu, anakumbukira kubadwa kwa galu wa Lorelie, ndipo anamuimbira nyimbo yonse ngakhale mwiniwake anali ku Lucban.

Dindo mtima sunamulole kukhala chete, poti ankadziwa chimene chinkawadikira Ma'am Perlita kumapeto a teremu. Anapitanso ku ofesi.

"Ma'am, mutabwerako ku mtengo wa mango kamodzi kokha, mudzaone mmene..."

"Ndikudziwa kale zimene zili kumeneko. Phokoso ndi ntchentche."

"Ma'am, anthu amene mukuwafuna aja ali..."

"Ali pa mafoni awo. Dindo, ndakhala mphunzitsi iwe usanabadwe, kubadwa kwako koyamba kuja."

Anatemetsa nkhwangwa pamwala. Ndipo poti zenera la ofesi yawo linkayang'ana ku mtengo kuja, anagula makatani.

Tsiku loti Sir Racelis abwere linafika, mayeso atatsala pang'ono. Ma'am Perlita analawira, anapukuta okha chitseko chagalasi, anakuntha fumbi pa maluwa a pulasitiki, nayala zithunzi za makeke pa tebulo. Matyuta awiri amene anali pa ntchito nthawi imeneyo anawauza kuti atsegule mabuku azioneka otanganidwa. Anadikira, anadikira, mpaka miyendo inayamba kuwawa. Sir Racelis atatulukira, milomo yawo inali yonyezimira mafuta, pa malaya oyera pali kadontho, ndipo fungo la viniga linalowa m'chipindamo iwo asanalowe.

"Pepani ndachedwa, Ma'am Abrenica. Ndadzera kuseri kwa laibulale, ana anu andigwira. Ndakana kamodzi, koma nanga munthu ungakane kangati?" Anaseka, napukuta pakamwa ndi kansalu. "Ayi, mwandigonjetsa. Ndaona zodabwitsa."

Ma'am Perlita anamwetulira, osadziwa kumene nkhani ikulowera.

"Pansi pa mtengo paja pali anthu odzaza, aliyense buku lili potsegula! Timu yonse ya basiketibo ikuchita masamu, ine chibadwire sindinaonepo. Ndafunsa kuti nzeru imeneyi ndi ya ndani. Kamtsikana kena kolongolola kandiuza kuti ndinu munati kunja kuli malo ambiri."

"Sir, ine mawu amenewo..."

"Ndiye utsogoleri umenewo! Kupita kumene kuli anthu, osadikira anthu abwere kwa iwe." Sir Racelis anatembenuka n'kuyang'ana makoma oyera, mipando yopanda anthu ndi matyuta awiri aja amene ankawerenga tsamba lomwelo chifikire. "Ndipo mwandipeputsira katundu. Ndimaopa kuti tikangana za chipindachi, koma ndaona kuti simukuchifunanso. Mwachikonza bwino zedi, a unamwino angolowa osapakanso penti. Kumtengo kuja tiikako kadenga ka mvula. Anawo akudziyendetsa okha, Dindo akutha bwino, ndiye woyang'anira safunikanso. Inu mubwerere m'kalasi, kumwamba kuja akukusowani kwambiri."

Kwa nthawi yoyamba pa zaka zambiri, Ma'am Perlita anafuna kunena mawu amene sanawazolowere.

"Sir, kunena zoona ine sindimadziwa kuti..."

"Ndikudziwa kale, ndikudziwa kale," anatero Sir Racelis akukweza dzanja. "Ndinu munthu wodzichepetsa. Ndidzakutchulani pa msonkhano wa aphunzitsi."

Anawagwira chanza mwamphamvu, natuluka.

Masana a tsiku lotsatira Ma'am Perlita analongedza zinthu zawo m'katoni: kapu, zithunzi za makeke ndi maluwa aja. Makiyi anawasiya kwa mlonda. Mtima unkawawawa kwambiri, osati chifukwa cha chipinda chokha, komanso chifukwa choyamikiridwa pa chinthu chimene anachitsekera makatani. Njira yopita ku masitepe a makalasi a pamwamba inkadutsa pafupi ndi mtengo wa mango. Akanatha kuzungulira kuseri kwa tchalitchi, ndipo anaganizadi zotero, koma panali funso limene linkawasautsa ndipo woliyankha anali pansi pa mtengo pomwepo.

Atafika chapafupi, miyendo inakana. Anaona khamu lija, ana amene anawalamula, amene anawadula mawu, amene anawatchulitsa mayina m'kalasi. Akafika pamenepo anene kuti abwera kudzatani? Aliyense akanadziwa kuti ndi munthu amene zamulaka. Anaika katoni pansi, natsegula chikwama chawo n'kuyamba kufufuza chinthu chimene munalibe.

"Ma'am! Tiyeni tidye!"

Anali Gilbert, ataimirira, mutu wake ukugunda nthambi.

"Zikomo, ndadya kale."

"Mwadya chiyani Ma'am, maluwawo?" anakuwa Lorelie. "Bwerani. Lero ndi tsiku la kaputeni, lenileni osati lopeka. Mukakana, akafa asanalembe mayeso mlandu ndi wanu."

Anthu anaseka, ndipo kusekako kunawamasula miyendo. Wina anawanyamulira katoni, wina anawasunthira malo pa benchi ya simenti, Gilbert anawaikira tsamba la nthochi m'manja. Palibe amene anawafunsa chimene abwerera, poti zinali zoonekeratu kuti abwera kudzadya. Anayamwa pansiti monga ankachitira ali mtsikana, viniga n'kudonthera pa bulauzi yawo yabwino, ndipo sanaipukute. Kumanja kwawo mtsikana wina ankalimbana ndi chiganizo cha Chingerezi, ndipo asanazindikire anali atamulanda pensulo.

Patapita kanthawi anatembenukira kwa Dindo, nalankhula motsitsa mawu.

"Tsiku lija unakweza dzanja lija, unkafuna kunena chiyani? Maliza, sindikudula."

Dindo anayang'ana tsamba limene linali m'manja mwawo, kenako anayang'ana pamene anaima akufufuza m'chikwama paja.

"Ma'am, tikanapanda kukuitanani kuti tidye, mukanafika pano?"

Ma'am Perlita anatsegula pakamwa, mawu awo a masiku onse ali pa lilime, koma anawameza pamodzi ndi pansiti. Kuseri kwa khoma kunkamveka a unamwino akukoka mabedi kulowetsa m'chipinda choyera chija, ndipo wina anali atakwera kale pa makwerero akumasula chinsalu cha zilembo zofiira.

Chipinda anachimanga ndithu, chokongola, chozizira, cha chitseko chagalasi chowala. Koma polowera penipeni panali pa lichero la pansiti, ndipo pamenepo ndi pamene anatseka atangoyamba kumene ntchito, munthu wowachenjeza dzanja lili m'mwamba. Akuluakulu sananame: Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.